Sabata imodzi ku Jordan: mabwinja, chipululu ndi madzi amene akutha

Dziko la Jordan ndi laling'ono poliyerekeza ndi Malawi. Lili ndi masikweya kilomita pafupifupi 89,000 pamene Malawi ali ndi oposa 118,000, ndipo munthu wonyamuka pa galimoto ku Amman mamawa amakadya nkhomaliro ku Aqaba, m'mphepete mwa Nyanja Yofiira. N'chifukwa chake alendo ambiri amalipatsa masiku asanu ndi awiri okha. Chimene chimawakoka ndi miyala yakale ndi mchenga, koma amene wayenda ndi maso otsegula amaona msanga kuti mbiri ya malo onsewa yagona pa madzi.

Zimayambira mu likulu lomwe. Amman, amene Baibulo limamutcha Raba wa ana a Amoni ndipo m'nthawi ya Agiriki ndi Aroma ankatchedwa Philadelphia, ndi mzinda wa nyumba zoyera zokwera mapiri. Pa denga la pafupifupi nyumba iliyonse pali thanki, chifukwa m'madera ambiri madzi a m'mipopi amafika kamodzi pa sabata. Ulendo wa ola limodzi kumpoto umafikitsa munthu ku Jerash, Gerasa wakale, umodzi mwa mizinda ya Dekapoli. Chipata chomangidwa polandira mfumu Hadrian cha m'ma 130 chidakalipo, pamodzi ndi msewu wa mizati umene miyala yake ili ndi mikwingwirima ya mawilo a ngolo. Chivomezi cha mu 749 chinagwetsa mbali yaikulu ya mzindawu.

Kwa owerenga Baibulo, tsiku lotsatira ndilo limakhudza mtima. Ku Madaba, pansi m'tchalitchi cha St George pali mapu a Dziko Loyera opangidwa ndi timiyala tamitundumitundu m'zaka za m'ma 500, osonyeza Yerusalemu ndi nsomba zosambira mu mtsinje wa Yordano. Pafupi pomwepo pali phiri la Nebo, pamene Mose anaonera dziko lolonjezedwa koma osalowamo. Kutsikira m'chigwa ndi ku Al-Maghtas, malo amene amakhulupirira kuti Yohane anabatizirapo Yesu. Apa ambiri amagwa ulesi, chifukwa mtsinje umene anakula akuuimba m'nyimbo za kutchalitchi lero ndi kamfuleni ka madzi a matope, kosafanana n'komwe ndi Shire kapena Luangwa. Madzi ake ambiri anapatutsidwa kumtunda ndi maiko a Israel, Syria ndi Jordan yemwe, kuti anthu amwe ndi kuthirira minda.

Zotsatira zake zimaoneka pa Nyanja Yakufa, malo otsika koposa onse pa mtunda wa dziko lapansi, mamita oposa 430 kutsika kuchokera pa mlingo wa nyanja zazikulu. Mchere wake ndi wochuluka pafupifupi kakhumi kuposa wa m'nyanja zazikuluzo, kotero kuti ngakhale wosadziwa kusambira amangoyandama. Koma nyanjayi ikutsika ndi mita imodzi kapena kupitirirapo chaka chilichonse, chifukwa mtsinje wouthiramo unachepa ndipo mafakitale a mchere wa feteleza kumwera kwake amaumitsa madzi ambiri. Kumene madzi aphwa, nthaka imagumuka mwadzidzidzi n'kusiya maenje. Alimi a ku Ghor al-Haditha ataya minda m'njira imeneyi.

Petra amafuna masiku awiri, ndipo womupatsa tsiku limodzi amadzimana yekha. Njira yolowera, yotchedwa Siq, ndi mng'alu wa m'thanthwe wotalika kupitirira kilomita imodzi, wopapatiza kotero kuti penapake thambo limangooneka ngati kansalu. Kumapeto kwake kumatulukira Al-Khazneh, nyumba yosemedwa m'thanthwe lofiirira, yotalika mamita pafupifupi 40. Dzinali limatanthauza mosungira chuma, ndipo pa mtsuko wamwala umene uli pamwamba pake pali zipsera za zipolopolo za anthu amene ankaganiza kuti muli golide. Akatswiri ambiri amati anali manda a mfumu.

Anamanga mzindawu ndi Anabateya, Aluya amene analemera ndi malonda a lubani ndi mure ochokera kumwera kwa Arabia. Alendo amathamangira kukajambula Al-Khazneh n'kupitirira chinthu chimene chinachititsa kuti Petra akhalepo: ngalande zosemedwa m'mbali mwa Siq, zina zokhala ndi mapaipi adothi, zimene zinkabweretsa madzi a akasupe mumzinda. Anabateya anakumbanso zitsime zosungira madzi a mvula, namanga damu pakhomo la Siq ndi kuboola phiri kuti madzi osefukira azilambalala. Aroma analanda ufumuwo mu 106, chivomezi cha mu 363 chinawononga nyumba ndi ngalande zambiri, ndipo mzinda unafota pang'onopang'ono. Azungu anaumvanso mu 1812 kudzera mwa Johann Ludwig Burckhardt wa ku Switzerland, ngakhale eni dera sanauiwale konse. Phindu la damu lija linadziwika mu 1963, pamene madzi osefukira anadutsa mu Siq n'kupha alendo oposa 20, ambiri a ku France. Pambuyo pa ngoziyo damu linamangidwanso pamalo pomwe panali la Anabateya.

Ulendo umathera ku Wadi Rum, chipululu cha mchenga wofiira ndi mapiri oima ngati makoma, kumene anajambulirako mafilimu a Lawrence of Arabia ndi The Martian. Abedu a kumeneko amayendetsa alendo pa ngamila kapena pa mapikapu, amawaphikira zarb, nyama yootcha m'dzenje lokwiriridwa ndi mchenga, n'kuwagoneka m'mahema. Usiku wa m'nyengo yozizira umaluma. Pansi pa dera lomweli pali madzi a Disi, amene anasonkhana zaka zikwi zambiri zapitazo ndipo mvula ya lero siwabwezeretsa. Kuyambira mu 2013 madziwa amapopedwa kudutsa makilomita oposa 300 kupita ku Amman, kukadzaza mathanki a padenga aja.

Anthu a m'madera amenewa amadalira alendo kuti adye. A fuko la Bdoul, amene ankakhala m'mapanga a Petra, anasamutsidwira ku mudzi wa Umm Sayhoun m'zaka za m'ma 1980, ndipo ambiri amapeza ndalama pokweza alendo abulu ndi kugulitsa mikanda. Mu 2019 Petra analandira alendo oposa miliyoni imodzi. Nkhondo ya ku Gaza itayamba mu Okutobala 2023, alendo ochokera ku Ulaya ndi America anachepa kwambiri ngakhale ku Jordan kunalibe nkhondo, ndipo mahotela angapo m'tauni ya Wadi Musa, pakhomo pa Petra, anatseka zitseko.