Mankhwala Ocinjiriza ku HIV: Amuna Musaope Cipatala

Abale anga a kwa Kambombo, pali nkhani imene timakamba monong'ona. Alipo amuna amene amagona ndi amuna anzao, ndipo ena ali ndi akazi ndi ana pakhomo. Popeza lamulo la Zambia limaletsa zimenezi, ambiri amaopa cipatala. Komatu kacilombo ka HIV kamalowa mosavuta pogonana kumatako, cifukwa khungu la mkatimo ndi lopyapyala, silicedwa kung'ambika.

Mankhwala ocinjiriza alipo, dzina lake PrEP. Amamwa ndi munthu amene alibe kacilombo, mbulu umodzi tsiku lililonse. Coyamba timapima magazi, ndipo timapimanso pa miyezi 3 iliyonse. Mu 2024 Zambia inayambanso kupereka nyeleti ya cabotegravir, yolasa kamodzi pa miyezi 2. Kondomu musaitaye, pakuti PrEP siletsa kaswende kapena cinzonono.

Pitani mukafunse ku kiliniki kapena ku cipatala ca boma ku Chama. Nenani cabe kuti, "Ndifuna PrEP." Ife a cipatala nchito yathu ndi kucilitsa ndi kusunga cinsinsi ca wodwala. Mukadziteteza, mwatetezanso mai wa kunyumba.