Negetivu ndi mbewu ya chithunzi, tisaitaye

M'makomo ambiri a m'chigawo chino cha Africa muli sutikesi kapena bokosi losungiramo zinthu zofunika monga mtchatho wa ukwati, makadi a ana a kusikelo ndi malisiti a feteleza. Pansi penipeni pamapezeka envelopu yakale ya ku situdiyo, ndipo m'kati mwake mumakhala timizere ta pulasitiki toderako, tokhala ndi timabowo m'mbali. Mukatiyang'ana molozetsa kudzuwa, mumaona anthu a nkhope zoyera ndi mano akuda. Ambiri akatipeza amapatsa ana kuti aziseweretsa, ena amangotitaya kudzala.

Timizereti ndi manegetivu. Mlimi aliyense amadziwa kusiyana kwa chimanga chakudya ndi cha mbewu. Chithunzi chopachikidwa pakhoma chili ngati chimanga chakudya: chimatha. Negetivu ndiyo mbewu, pakuti kuchokera pa imodzi yokha mutha kutulutsa zithunzi zambirimbiri, ngakhale patapita zaka 50. Tsopano popeza anthu ambiri akujambula ndi foni, ndipo ojambula oyenda panjinga m'midzi aja anasiya kugwiritsa ntchito filimu, mbewu imeneyi ikuonongeka mwakachetechete.

Filimu imachokera kukhola ndi kumgodi

Alimi a ziweto angadabwe kumva kuti filimu ili pachibale ndi khola lawo. Pamwamba pa pulasitiki ija amapakapo jelatini, zomata zimene amazipeza pophika mafupa ndi zikopa za ng'ombe. M'jelatinimo amasakanizamo timibulu ta mchere wa siliva, tating'ono kwambiri moti sitioneka ndi maso. Wojambula akadina batani, kamera imatsekula diso lake kwa kanthawi kochepa kuposa kuphethira, ndipo timibulu tonse timene taombedwa ndi kuwala timasintha. Chithunzi chimakhala chalowa, koma sichioneka mpaka filimuyo itatsukidwa.

Filimu imene inafala kwambiri kuno ndi ya mamilimita 35, yomwe inkabwera m'kachitini kokwanira zithunzi 24 kapena 36. N'chifukwa chake wojambula wa m'mudzi ankauza anthu kuti adikire sabata ziwiri kapena zitatu: sakanapita kutauni kukatsukitsa filimu isanathe. Pakatoni pankalembedwa nambala monga 100, 200 kapena 400, yosonyeza mphamvu ya filimuyo pomva kuwala. Ya 100 imafuna dzuwa lokwanira ndipo imatulutsa chithunzi chosalala. Ya 400 imajambula ngakhale m'tchalitchi kapena madzulo, koma chithunzi chake chimaoneka chamchengamchenga chifukwa timibulu take n'tokulirapo. Atolankhani ambiri ankakonda filimu ya 400 yopanda mitundu, monga Tri-X ya kampani ya Kodak ndi HP5 ya kampani ya Ilford.

M'chipinda chamdima

Kutsuka filimu yopanda mitundu kumayambira mumdima wandiweyani. Mmisiri amatsekula kachitini kaja, n'kukulunga filimu pa kagudumu mofufuza ndi zala zokha, kenako amaitsekera m'kathanki kosalowa kuwala. Akatero ndiye angayatse nyali. Poyamba amathiramo mankhwala otulutsa chithunzi, amene amasandutsa timibulu toombedwa ndi kuwala tija kukhala siliva wakuda. Mankhwalawa amayenera kukhala pa madigiri 20, ndipo nthawi amaiyeza ndi wotchi. M'madera otentha ngati Tete kapena Nsanje, imeneyi si ntchito yamasewera, chifukwa mankhwala akatentha amagwira ntchito mothamanga n'kudetsa filimu mopitirira. Chachiwiri amathira madzi a asidi wofatsa, wofanana ndi viniga, oimitsa ntchito ya mankhwala oyamba aja. Chachitatu ndi mankhwala okhazikitsa chithunzi, omwe amasungunula mchere wa siliva wotsala kuti kuwala kusaisinthenso filimuyo. Pomaliza amaitsukuluza ndi madzi ambiri n'kuiyanika pamalo opanda fumbi. Pamene panagwa kuwala kwambiri pamada, pamene panali mthunzi pamayera. Ndicho chifukwa chake negetivu imaonetsa zinthu mozondoka.

Kuti chithunzi chifike papepala, negetivu imaikidwa m'makina okulitsira, omwe ali ndi babu pamwamba ndi galasi pansi pake. Kuwala kumadutsa mu negetivu n'kugwera pa pepala lopakidwanso mchere wa siliva. Pepala limeneli silimva kuwala kofiira, choncho mmisiri amagwira ntchito ndi kanyali kofiira. Asanaononge pepala lathunthu, amadula kachidutswa n'kukawalitsa m'magawo, masekondi 2, 4, 8 ndi 16, kuti aone nthawi yoyenera. Kenako pepala limaviikidwa m'mabeseni atatu a mankhwala motsatana ngati mmene anachitira ndi filimu. M'beseni loyamba ndi mmene nkhope imayamba kutulukira pang'onopang'ono pa pepala loyera.

Apa m'pamene luso limaonekera. Taganizani za munthu wakhungu lakuda, wavala malaya oyera, waima pa dzuwa la mu Okutobala. Mukapereka nthawi yokomera malaya, nkhope imabisika mumdima. Mukakomera nkhope, malaya amangoti mbee osaoneka ndi mabatani omwe. Mmisiri waluso amatchinga kuwala pankhope kwa masekondi angapo ndi dzanja kapena ndi kakatoni komangirira kuwaya, kenako amaonjezera kuwala pamalaya kudzera pa bowo la katoni ina. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Chithunzi chimodzi chabwino chimatha kudya mapepala angapo ndi maola ambiri.

Negetivu ngati mboni

Mmodzi mwa anthu amene anaphunzira ntchito imeneyi kuyambira pa mabeseni a mankhwala ndi Ricardo Rangel wa ku Mozambique. Iye anabadwa mu 1924 mumzinda wa Lourenço Marques, umene lero ndi Maputo, ndipo ali mnyamata anayamba ntchito yotsuka zithunzi za anthu ena mu situdiyo. Mu 1952 analembedwa ntchito yojambula pa nyuzipepala ya Notícias da Tarde, pa nthawi imene ntchito zotere zinali za azungu okhaokha. Mu 1970 anali m'gulu la atolankhani amene anayambitsa magazini ya Tempo.

Chithunzi chake chimodzi chodziwika kwambiri chimakhudza moyo wa kumudzi. Anachijambula mu 1973 ku Changalane, kummwera kwa dzikolo. Chimaonetsa mnyamata woweta ng'ombe ali ndi chipsera pamphumi: bwana wake anamuotcha ndi chitsulo chodindira ng'ombe pomulanga chifukwa cha chiweto chimene chinasowa. Boma la atsamunda a Chipwitikizi linkaletsa kufalitsa zithunzi zambiri za Rangel, koma chimenechi chinapulumuka, ndipo lero palibe amene angakane kuti nkhanza zoterozo zinkachitika. Dziko litalandira ufulu, Rangel anatsogolera sukulu yophunzitsa kujambula ya Centro de Formação Fotográfica, yomwe inatsekulidwa ku Maputo mu 1983 ndipo inakhalanso nkhokwe ya manegetivu a mbiri ya dzikolo. Anamwalira mu 2009.

Ku South Africa, Ernest Cole nayenso anayamba ngati wothandizira m'chipinda chamdima pa magazini ya Drum. Anajambula mobisa moyo wa anthu akuda pansi pa ulamuliro wa tsankho, kuphatikizapo m'migodi imene agogo athu ambiri a ku Malawi ndi Mozambique ankapitako kudzera ku Wenela. Anachoka m'dzikolo mu 1966, ndipo buku lake la House of Bondage litatuluka mu 1967, boma linaliletsa. Cole anamwalira ali wosauka ku New York mu 1990, ndipo anthu ankaganiza kuti ntchito yake yambiri inatayika. Koma mu 2017 manegetivu ake okwana pafupifupi 60,000 anapezeka m'banki ina mumzinda wa Stockholm ku Sweden. Manegetivuwo anali akadali abwino moti zithunzi zake zasindikizidwa m'mabuku atsopano.

Manegetivu a m'sutikesi mwanu sangatchuke ngati amenewa, komabe nawonso ndi mboni. Chithunzi cha ukwati cha mu 1985 chingaonetse phiri lili ndi mitengo pamene lero pali mbee. Cha tsiku lachionetsero cha zaulimi chingaonetse mitundu ya mapira kapena mawere imene inasowa. Cha pamadzi chingasonyeze pamene mtsinje unkadutsa usanasinthe njira. Kwa komiti imene ikukambirana zobwezeretsa nkhalango kapena zoteteza magombe a mtsinje, chithunzi chotere chimalankhula momveka kuposa lipoti.

Adani a negetivu

Negetivu yopanda mitundu, ikatsukidwa bwino ndi kusungidwa bwino, imatha kukhala zaka zoposa 100. Ya mitundu sichedwa kufooka chifukwa chithunzi chake n'chopangidwa ndi utoto, osati siliva. N'chifukwa chake zithunzi zambiri za m'ma 1980 zinafiirira. Mdani wamkulu ndi chinyontho. Jelatini ndi chakudya cha chuku, ndipo m'nyengo ya dzinja chuku chimamera pafilimu monga chimachitira pa chimanga chosauma. Mphemvu nazo zimaidya. Kutentha kwa pansi pa malata kumafulumizitsa kuonongeka konseku. Pulasitiki ya mafilimu ambiri akale ikayamba kuola imanunkha viniga, imakwinyika, ndipo mpweya wake umafulumizitsa kuola kwa manegetivu oyandikana nayo. Palinso madzi osefukira: namondwe wa Idai mu 2019 ndi wa Freddy mu 2023 analowa m'nyumba zambiri ku Mozambique ndi ku Malawi, ndipo katundu wa m'masutikesi sanasiyidwe.

Zimene mudzi ungachite

Kusamala manegetivu sikulira ndalama zambiri. Agwireni m'mbali ndi manja osamba ndi ouma, chifukwa thukuta la chala limasiya chidindo chosafufutika. Ikani kamzere kalikonse m'pepala lake loyera, osamanga ndi mphira kapena kumata ndi guluu. Paenvelopu lembani ndi pensulo mayina a anthu, malo ndi chaka, ndipo chitani zimenezi agogo odziwa nkhopezo akadali moyo. Bokosi likhale pamalo okwera, kutali ndi khitchini, denga ndi khoma lonyowa. Amene ayamba fungo la viniga apatuleni. Ngati manegetivu kapena zithunzi zanyowa ndi madzi amatope, zilekanitseni zisanaume n'kumatirirana, zitsukuluzeni mosakhula m'madzi oyera ozizira, ndipo ziyanikeni pamthunzi nkhope ili m'mwamba.

Alangizi ndi ogwira ntchito zachitukuko angathandize pokonza tsiku loti anthu abweretse zithunzi zawo kusukulu kapena ku bwalo la mfumu. Negetivu ikaikidwa pa galasi la zenera lomatidwa pepala loyera kuseri, itha kujambulidwa ndi foni, ndipo mapulogalamu a pafoni kapena pakompyuta amatembenuza chithunzicho kuti chioneke bwinobwino. Pemphani chilolezo kwa eni ake musanachigwiritse ntchito, ndipo muwabwezere katundu wawo tsiku lomwelo. Musaiwale kufufuza amene anali ojambula a m'deralo, pakuti kawirikawiri manegetivu ankatsalira kwa iwo, ndipo mabanja awo angakhale akusunga mbiri ya midzi ingapo m'katoni imodzi osadziwa.

Filimu sinafe. Makampani a Kodak ndi Ilford akupangabe mafilimu aja, ngakhale mtengo wake ndi wokwera ndipo malo otsukira ndi ochepa. Koma chuma chachikulu kwa ife si filimu yatsopano ayi, ndi ija inajambulidwa kale. Foni imabedwa, khadi yake imafa, ndipo zithunzi masauzande zimapita tsiku limodzi. Choncho ngakhale mutajambula manegetivu onse ndi foni, musawataye. Mlimi wanzeru saotcha nkhokwe ya mbewu chifukwa choti chaka chino wakolola.