Mpando wa wodwala m'ndege umapemphedwa tikiti ikamagulidwa

Banja la ku Bangula kapena ku Ngabu likasonkha ndalama kuti mayi akalandire chithandizo ku India, kapena kuti agogo amene anafa ziwalo akakhale kwa mwana wawo ku Joni, nkhawa yonse imathera pa pasipoti, viza ndi ndalama zakunja. Za mpando palibe amaziganizira. Wina akakumbukira n'kufunsa wogulitsa tikiti, yankho limakhala lalifupi: "Mungotenga kalata ya adokotala, mukaonetse pa kauntala, akakuthandizani." Tsiku la ulendo wa pa kauntala amawerenga kalata ija, n'kuyang'ana pa kompyuta, n'kunena kuti sizikuoneka mu sisitimu. Mwayi ukakhalapo wodwala amakwera, koma amakhala pampando wapakati, mwendo wotupa utapanikizika maola ambiri. Ukasowa amauzidwa kuti sakwera mpaka madokotala a kampani ya ndege avomereze, ndipo banja limatsikanso mapiri a Thabwa ndi wodwala wawo, chindapusa chosinthira tsiku chikuwadikira.

Makampani a ndege amati ndondomeko zawo n'zoteteza wodwala ndi anzake apaulendo, ndipo apa sakunama. Mpweya wa m'ndege ikakwera umakhala wofanana ndi wa paphiri lotalika mamita pakati pa 1,800 ndi 2,400. Munthu wa ku Nsanje amakhala malo osafika ndi mamita 100 omwe kuchokera pa nyanja yamchere, choncho ngati ali ndi vuto la mtima, la mapapo kapena magazi ochepa, thupi limamva. Asaganizenso kuti akapumulira posinthira ndege: bwalo la Bole ku Addis Ababa lili pamwamba kupitirira mamita 2,300, la OR Tambo ku Johannesburg pafupifupi 1,700. Kukhala malo amodzi nako kuli ndi vuto lake. Bungwe la WHO linanena mu 2007 kuti ulendo wa maola anayi kapena kuposa umachulukitsa kawiri chiopsezo choti magazi aundane m'mitsempha ya m'miyendo. Wopita ku Mumbai kapena ku Delhi kudzera ku Addis amakwera maulendo awiri otalika chonchi motsatizana.

Zimenezo n'zoona, koma si zimene zimabwezetsa anthu. Anthu amabwezedwa chifukwa pempho lawo silinalembedwe pamalo amene kampani imawerenga. Tikiti iliyonse ili ndi nambala ya buking'i, ya zilembo zisanu ndi chimodzi, ndipo pansi pa nambala imeneyo m'pomwe pamalowetsedwa zosowa za wokwera. Kalata ya m'thumba, ngakhale ikhale ndi zidindo zitatu, kompyuta siidziwa. Wolowetsa pempho ndi amene anagulitsa tikiti, kapena ofesi ya kampani ya ndegeyo, ndipo makampani ambiri amafuna kudziwitsidwa kutatsala maola osachepera 48. Ogulitsa ena amaizemba ntchito imeneyi chifukwa ilibe kangachepe, imafuna kulemba maimelo ndi kudikira mayankho, pamene iwo phindu lawo analandira kale. N'chifukwa chake mawu oti "mukanene pa kauntala" amawatuluka msanga. Musachoke pa ofesi yawo, kapena musadule foni, asanakupatseni pepala la ulendo losonyeza kuti pempho lalowa, ndiponso kuti kampani yalivomereza. Kulowa ndi kuvomerezedwa ndi masitepe awiri, ndipo anthu ambiri amathera pa loyamba.

Kungonena kuti mukufuna njinga ya odwala sikokwanira, chifukwa thandizo limeneli lili m'magulu atatu amene makampani onse amawadziwa ndi zilembo zofanana. WCHR ndi ya munthu amene sangayende mtunda wautali koma masitepe a ndege akwera yekha. WCHS ndi ya amene masitepe sangawathe koma akalowa m'ndege amafika yekha pampando. WCHC ndi ya amene sayenda n'komwe, wofunika kunyamulidwa mpaka pampando wake. Wogulitsa tikiti waulesi amangolemba yoyambayo kwa aliyense. Ku bwalo la ndege la Chileka ndege imakwereredwa pa masitepe, panja, choncho agogo ofa mbali imodzi olembedwa WCHR amakankhidwa bwinobwino mpaka pansi pa ndege, kenako aliyense n'kumayang'anana. Thandizo la njingali nthawi zambiri n'laulere, ndipo njinga yanuyanu makampani ambiri amainyamula osalipiritsa. Wina akakuuzani mtengo, mufunseni lisiti.

Tsono mpando weniweniwo. Aliyense amene anakwerapo ndege amalangiza kuti mupemphe wa pakhomo lotulukira pangozi chifukwa pali malo otambasulira miyendo. Malangizo amenewa kwa wodwala ndi osocheretsa. Pamenepo amakhazikapo munthu wamphamvu woti atsegule chitseko zinthu zikavuta, ndipo wodwala, wachikhakha, woyembekezera kapena wokalamba kwambiri amachotsedwapo ngakhale atalipira. Wa mwendo wosapindika apemphe mzere wakutsogolo woyang'anizana ndi khoma, podziwa kuti mipando imeneyi amalimbirana ndi amayi a makanda, popeza m'pomwe amakolekapo kabedi ka mwana, komanso kuti zotsamiritsa mikono zake kawirikawiri sizitukuka. Choncho munthu wofunika kumusuntha chammbali kuchoka pa kanjinga ka m'ndege, bwino apemphe mpando wa m'mphepete mwa kanjira umene chotsamiritsa mkono chake chimatukuka. Wa shuga, wa vuto la chikhodzodzo kapena womwa mankhwala okodzetsa apemphe wa m'mphepete mwa kanjira pafupi ndi chimbudzi. Gadiyani alembedwe pa buking'i imodzi ndi wodwala, kuti kuwakhazika limodzi kusavute. Ngati mwendo uyenera kukhala chowongoka ulendo wonse, yankho limakhala kugula mpando wina woonjezera kapena kukwera m'gawo lodula. Wosatha kukhala tsonga ndege ikamanyamuka ndi kutera ndiye wa machira, amene amatenga mipando ingapo, ndipo mtengo wake umaposa tikiti wamba kangapo. Kukhululukirana pamenepa kulibe.

Pomwe zinthu zimaima zenizeni ndi pa fomu yotchedwa MEDIF. Si wodwala aliyense amene amaifuna. Wa BP kapena shuga amene akumwa mankhwala ndipo ali bwino amakwera popanda. Koma amene wachitidwa opaleshoni posachedwa, amene wadwala mtima kapena sitiroko masiku omwewa, wofuna okosijeni, wa machira, wa matenda opatsirana monga TB imene sinagonje ndi mankhwala, kapena mayi wapakati pamene pali povuta, sangaizembe. Fomuyi ili ndi gawo la wokwera ndi gawo la dokotala amene akumuona. Gawo la dokotala limafunsa dzina la matenda, tsiku la opaleshoni, kuchuluka kwa magazi, mlingo wa okosijeni m'thupi, ngati munthuyo angakhale tsonga, ngati angadye ndi kupita kuchimbudzi yekha, ndi ngati akufunika namwino womuperekeza. Ikadzazidwa imatumizidwa kwa madokotala a kampani ya ndege, amene mwina ali ku Addis Ababa kapena ku Nairobi, ndipo iwowo ndi amene amagamula. Dokotala wanu amangochitira umboni.

Amene anakonza fomu imeneyi ankaganiza za munthu amene dokotala wake ali pafupi, woti angomuimbira. Kuno kuchigwa cha Shire odwala ambiri amaonedwa ndi a kiliniko ofisala, kaya ndi ku Trinity ku Muona, ku Montfort ku Nchalo, ku Ngabu kapena pa zipatala za maboma a Chikwawa ndi Nsanje, ndipo madokotala oti kampani ivomereze siginecha yawo ndi owerengeka, otanganidwa, nthawi zina ali kumsonkhano. Katswiri amene analamula kuti wodwala apite kunja ali ku Gulupu ku Blantyre, ndipo amaona odwala akunja pa masiku ake okha. Mbiri yonse ya matenda ili m'kabuku ka kuchipatala kamene wodwala amayenda nako, koma kampani ya ndege kabuku kameneko siikawerengera. Munthu amachoka ku Nsanje mtunda wa makilomita pafupifupi 180, n'kupeza dokotala ali ku fiyeta. Mawa apeza dokotala koma wosunga chidindo wapita kumaliro. Fomu ikasainidwa, imabwezedwa chifukwa bokosi la kuchuluka kwa magazi lili lopanda kanthu, makina oyezera analibe mankhwala tsiku limenelo.

Choipitsitsa n'chakuti fomuyi imatha mphamvu. Makampani amasiyana, koma ambiri amafuna yosainidwa masiku oyandikira ulendo, chifukwa wodwala amasintha. Mukafulumira kwambiri imakalamba musanakwere. Mukachedwa madokotala a kampani sapeza nthawi yoyankha, makamaka Loweruka, Lamulungu ndi tchuthi zikalowa pakati. Njira yokhayo ndi kuwerengera chobwerera m'mbuyo. Tsiku logula tikiti, funsani fomu ya kampani imene mukwere, osati ya kampani ina kapena yongopezeka pa intaneti, ndipo funsani kuti iyenera kusainidwa mkati mwa masiku angati ndi kutumizidwa liti. Kenako panganani tsiku ndi dokotala, zoyeza magazi ndi okosijeni zichitike dzulo lake, ndipo musachoke pamaso pake musanaone kuti bokosi lililonse ladzazidwa, dzina lake likuwerengeka, nambala yake ya ku Medical Council of Malawi ilipo, foni yake ilipo, chidindo chadindidwa. Madokotala a kampani akakhala ndi funso amaimba foni imeneyo, ndipo ikapanda kuyankhidwa, fayilo imangogona. Amene akutumizidwa ndi boma kudzera ku Unduna wa Zaumoyo, kapena ndi bungwe ngati MASM, asaganize kuti poti tikiti agula ena ndiye kuti fomu adzazanso iwo. Afunse kuti ndani kwenikweni akutumiza, ndipo aone yankho ndi maso awo.

Ndalama zimene palibe amakuuzani zimathera m'katikati momu: minibasi yopita ndi kubwera ku Blantyre ya anthu awiri, pogona, kuyezetsa kuchipatala cholipira chifukwa cha boma chachedwa, chindapusa cha lipoti la dokotala, kusindikiza ndi kujambulitsa mapepala pa sitolo ya makompyuta, mayunitsi oimbira ofesi imene imakusiyani mukumvera nyimbo. Okosijeni wa m'ndege makampani ambiri amalipiritsa padera, pa chigawo chilichonse cha ulendo, ndipo silinda yanu ya kunyumba sailola. Kusankha mpando pa intaneti nako masiku ano kuli ndi mtengo, ndipo ena amalipira asanayese kupempha mpando womwewo pa zifukwa za matenda. Nyengo ya mvula onjezeraninso masiku. Namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 anadula msewu wa M1 kuchigwa, ndipo wa ku Makhanga kapena kwina kulikonse kutsidya la kum'mawa kwa Shire amadziwa kuti kuwoloka sikulonjezeka. Wodwala akagone ku Blantyre kusanache tsiku la ulendo.

Chinanso chimene chimagwetsa anthu ndi kusintha ndege. Malawi Airlines, imene boma lili ndi magawo 51 pa 100 ndipo Ethiopian Airlines 49, imakufikitsani ku Johannesburg kapena ku Dar es Salaam, koma kupitirira apo mwina mukwera ya kampani ina. Chilolezo cha kampani imodzi sichimanga inzake, ngakhale tikiti ikhale imodzi. Yang'anani pa pepala la ulendo kuti ndege ya chigawo chilichonse ikuyendetsedwa ndi ndani, ndipo aliyense wa iwo adziwitsidwe. Kampani ikasintha mtundu wa ndege, kompyuta imagawanso mipando mwatsopano osasamala kuti mwendo wa ndani uli m'chikhakha, choncho imbaninso kutatsala masiku awiri.

Malamulo amathandiza, koma mosiyanasiyana. Ulendo woyambira kapena kuthera ku United States uli pansi pa lamulo la Air Carrier Access Act la 1986, limene malamulo ake amatchula mwachindunji za mpando wa munthu wa mwendo wosapindika ndi wa womuperekeza. Ku Ulaya lamulo la 1107 la chaka cha 2006 limalamula thandizo laulere pa mabwalo a ndege, koma pa mipando limangoti kampani iyesetse. Ulendo wa Chileka, Addis, Mumbai uli kunja kwa malamulo awiri onsewa, ndiye chimene chimakutetezani kwambiri ndi zimene kampaniyo inalemba yokha ndi imelo yokuvomerezani. Isindikizeni, musadalire foni imene ingathe moto. Ngati wogulitsa tikiti wakulipiritsani thandizo limene sanalowetse, dandaulo lolembedwa lipite kukampani ya ndege ndi ku Competition and Fair Trading Commission, malisiti ataphatikizidwa.

Pa tsiku la ulendo fikani msanga, mankhwala onse akhale m'chikwama cha m'manja, m'mapaketi ake, limodzi ndi kalata yofotokoza za jakisoni ngati alipo. Ogwira ntchito m'ndege adzakuthandizani kufika pakhomo la chimbudzi, koma sadyetsa munthu, sabaya jakisoni, ndipo salowa naye m'chimbudzimo. Imeneyo ndi ntchito ya gadiyani, choncho posankha woperekeza banja lione mphamvu ndi Chingerezi, osati ukulu wokha. Agogo amene amalankhula Chisena kapena Chimang'anja chokha alemberedwe kapepala ka Chingerezi kotchula matenda, mankhwala ndi foni ya owalandira.

Pobwerera zonse zimayambiranso. Wodwala amene anapita akuyenda yekha akhoza kubwera ali ndi bala la opaleshoni la masiku ochepa, ndipo fomu ya popita sigwiranso ntchito. Zipatala zikuluzikulu za ku India ndi ku South Africa zili ndi maofesi a odwala ochokera kunja amene mafomu awa amawadziwa bwino. Gadiyani awapatse fomu ya kampani yanu wodwala asanatulutsidwe, chifukwa akangotuluka, dokotala amene anamupanga opaleshoni amafunika kumubukanso, ndipo masiku odikira amalipiridwa ndi ndalama zakunja.