Gertrude Kamkwatira: mayi amene adanyamula zisudzo atagwa Du Chisiza

Pa 24 February 1999, pomwe Du Chisiza Jr adamwalira, okonda zisudzo ambiri ankaona ngati gulu la Wakhumbata Ensemble Theatre latsikira naye kumanda. Du ndiye adaliyambitsa mu 1987, ndiye ankalemba masewero ake, kuwatsogolera ndiponso kutenga mbali zikuluzikulu. Koma gululo silidafe nthawi imeneyo, chifukwa udindo woliyendetsa udagwera m'manja mwa Gertrude Webster Kamkwatira, mmodzi mwa akatswiri amene adakhwimira pansanja ya Wakhumbata.

Kuti timvetse kukula kwa ntchito imene adasenza, tiyenera kukumbukira mmene zisudzo zidalili m'dziko muno. Kuyambira 1968, sewero lililonse lofuna kuonetsedwa pagulu linkayenera kudutsa kaye ku Censorship Board, ndipo mu ulamuliro wa chipani chimodzi olemba ankabisa uthenga wawo m'mafanizo. Achinyamata ambiri ankaphunzirira luso lawo pa mpikisano wa masewero a Chingerezi wa ATEM m'sukulu za sekondale, koma akamaliza maphunziro zisudzo zinkasanduka chinthu chochita pa nthawi yopuma chabe. Wakhumbata idabwera ndi maganizo atsopano akuti munthu angathe kudya thukuta lake kuchokera pansanja, ndipo imadziwika ngati gulu loyamba m'Malawi kuchita zisudzo monga ntchito yeniyeni.

Ntchito yotereyi inkafuna zambiri kuposa luso losewera. Mtsogoleri ankayenera kulemba sewero latsopano anthu asanatope ndi lakale, kusonkhanitsa osewera, kulipira holo monga French Cultural Centre ku Blantyre, kupeza galimoto yopita ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, kenaka kugawa ndalama za pakhomo. Nthawi imeneyo ochita zonsezi ankakhala amuna, pomwe mtsikana wokwera pansanja ankanenedwa zambiri ndi anthu. Kamkwatira adachita zonsezo, ndipo pambuyo pake adachoka ku Wakhumbata n'kuyambitsa gulu lakelake la Wanna-Do Ensemble Theatre.

Masewero ake ankalemba m'Chingerezi, koma nkhani zake zidali za m'makomo mwathu. Mu It's My Fault adaunika nkhanza za m'banja ndi kuponderezedwa kwa amayi. Mu Breaking the News adalimbana ndi nkhani ya Edzi, pa zaka zimene maliro ankagwa motsatana koma dzina la matendawo anthu ankaopa kulitchula pasiwa. Adalembanso Jesus' Retrial. Mwa njira imeneyi nsanja, imene pa nthawi ya Du inkamveka kwambiri ndi ndale, idayamba kulankhulanso za kuchipinda ndi kukhitchini, malo amene mavuto a amayi amabisika.

Kutchuka kwake kudamufikitsa pa maudindo akuluakulu. Adakhalapo mtsogoleri wa bungwe la ochita zisudzo la National Theatre Association of Malawi, komanso wapampando wa bungwe loteteza umwini wa ntchito za luso la Cosoma. Adamwalira mu 2006 ali ndi zaka pafupifupi 40.

Mbewu imene adafesa idamera. Joyce Mhango-Chavula, yemwe adayambitsa gulu la Rising Choreos ndipo mu 2016 adapata mphotho ya Africa Magic Viewers' Choice Awards ndi filimu yake yotchedwa Lilongwe, ndi mmodzi mwa amayi amene adalimba mtima poona chitsanzo chake.

Komabe mbiri ya wochita zisudzo imazilala msanga kusiyana ndi ya woimba. Nyimbo imakhalabe pawailesi, pomwe sewero la pansanja limatsala m'mitima mwa okhawo amene adali muholo tsikulo. Ngakhale French Cultural Centre, imene tsopano ndi Blantyre Cultural Centre, idasakazidwa ndi akuba mu 2011 Afalansa atachokapo. Mtsikana wa sekondale wa kwa Zulu ku Mchinji, amene akukonzekera mpikisano wa zisudzo lero, adabadwa Kamkwatira atamwalira kale, ndipo adzamudziwa pokhapokha wina atasonkhanitsa zolemba zake, zithunzi ndi matepi amene alipo, n'kuzifikitsa m'malaibulale a sukulu. Ntchito imeneyi ikudikira unduna woona za chikhalidwe, mayunivesite ndi mabungwe awiri amene iye adawatsogolera, anthu amene adasewera naye akadali moyo kuti afotokoze zimene akukumbukira.