Ntchito za amisiri zimaulula za chuma ku Kadoma ndi Chegutu

KADOMA – Kuchuluka kapena kuchepa kwa ntchito za amisiri a magetsi, mapulambala, owotcherera zitsulo ndi opaka utoto kumasonyeza momwe chuma chikuyendera m'matauni a Kadoma ndi Chegutu, m'chigawo cha Mashonaland West ku Zimbabwe.

Chifukwa chake n'chakuti amisiriwa amaitanidwa kumapeto. Khoma limakwera pang'onopang'ono malinga ndi thumba la mwini nyumba, koma mawaya, mapaipi ndi utoto zimalira ndalama zambiri nthawi imodzi.

Mafakitale a nsalu a David Whitehead, omwe ankalemba anthu ambiri m'matauni awiriwa, anafooka m'zaka za m'ma 2000. Mitengo itakwera mosaneneka mu 2008, nyumba zambiri zinaima zosamalizidwa, ndipo amisiri ena anapita ku South Africa ndi Botswana.

Ntchito zinayamba kupezekanso mu 2009, dzikolo litavomereza dola ya America. Kuderali ndalama zomalizitsira nyumba zimachokeranso ku golide, makamaka chitsegulirenso mgodi wa Cam and Motor, wa kampani ya RioZim, mu 2015.

Komabe amisiri ambiri amagwira maganyu osalembetsedwa, choncho ziwerengero za boma sizionetsa zonse zimene zikuchitika.