Kukaona Austria ndi ana: pasipoti kaye, kenako njanji

M'mabanja ambiri a ife amene tikukhala ku Toronto, Brampton, Mississauga ndi Scarborough muli mapasipoti amitundu iwiri. Ana obadwira kuno ali ndi ya Canada, pomwe bambo kapena mayi akadali ndi ya Malawi, Zambia, Mozambique kapena Zimbabwe, kuphatikiza khadi la PR. Masiku ambiri sitiganizako n'komwe za kusiyanaku. Kumaonekera banja likaganiza zoti chaka chino tchuthi cha ana tikathere ku Ulaya, kukaona mapiri a Alps ndi mizinda yakale ya dziko la Austria. Mwana wa pasipoti ya Canada amaloledwa kukhala kumeneko masiku 90 pa masiku 180 alionse popanda viza. Kholo la pasipoti yakwathu limafunika viza ya Schengen, ndipo khadi la PR silichotsa lamuloli. Amene angagule matikiti a ndege asanadziwe zimenezi akhoza kubwezedwa pa Pearson pomwepo, ana akuona.

Viza imeneyi imapemphedwa kudziko limene mukakhaleko masiku ambiri. Ngati ndege ikatera kaye ku Frankfurt koma tchuthi chonse ndi cha ku Austria, pempho limapita kwa a Austria. Tsamba la pa intaneti la ofesi ya kazembe wawo ku Ottawa ndi limene limalongosola koperekera mapepala. Kuyambira mu Juni 2024, munthu wamkulu amalipira ma euro 90, mwana wa zaka 6 mpaka 11 ma euro 45. Amafuna inshuwalansi yachipatala yosachepera ma euro 30,000, umboni wa kogona, umboni wa ndalama ndi wa ntchito, komanso pasipoti imene idzakhale idakali ndi miyezi itatu kuchokera tsiku lotuluka ku Ulaya, yokhala ndi masamba awiri osadindidwa. Yankho limabwera pakatha masiku pafupifupi 15, koma akhoza kufikitsa 45. Lamulo limalola kupempha kutatsala miyezi isanu ndi umodzi, choncho ofuna kunyamuka mu Julayi, sukulu za ku Ontario zikatsekera, ayambe nkhaniyi ikamakwana March Break. Wa pasipoti imene yatsala pang'ono kutha ayambe chaka chisanathe, poti tonse tikudziwa kuti pasipoti yakwathu sibwera tsiku limene taifuna.

Pali mapepala ena awiri amene amaiwalika. Khadi la PR liyenera kukhala lisanathe pa tsiku lobwerera, chifukwa popanda ilo a ndege sakukwezani kubwera ku Canada, ndipo mudzayamba kufunafuna chikalata chapadera muli kuchilendo. Ndipo ngati ana akuyenda ndi kholo limodzi, boma la Canada limalangiza kunyamula kalata yosainidwa ndi kholo linalo yovomereza ulendowo.

Dziko lopanda nyanja yamchere

Tasankha Austria pa chifukwa chimene ana athu angachimve msanga: ndi dziko lotsekeredwa pakati pa anzake ngati Malawi. Malawi wazunguliridwa ndi mayiko atatu, Austria ndi asanu ndi atatu. Kukula kwake ndi masikweya kilomita pafupifupi 84,000, kutanthauza kuti n'lochepa kuposa Malawi amene ali ndi 118,000, ndipo anthu ake ndi cha m'ma 9 miliyoni, osafika theka la Amalawi. Mpaka 1918 linali likulu la ufumu waukulu wa banja la Habsburg, wokhala ndi doko lake ku Trieste. Nkhondo yoyamba yapadziko lonse itatha, ufumuwo unaphwasuka, doko linapita, n'kutsala kadziko kamapiri kokhala ndi likulu lalikulu kuposa msinkhu wake. N'chifukwa chake nyumba za ku Vienna zimaoneka ngati jekete la bambo pathupi pa mwana.

Za mapiri, ana a kuno alibe poyerekezera. Malo okwera kwambiri mu Ontario yense safika mamita 700, ndipo CN Tower ndi mamita 553. Tiwauze kuti Sapitwa, pa Mulanje, ndi mamita 3,002, ndipo Grossglockner, phiri lalitali kwambiri la Austria, ndi mamita 3,798. Akatero adzadziwa kuti kwawo kwa makolo awo nakonso kuli phiri lolowa m'gulu lomweli.

Mizinda itatu imene tikunena, Vienna, Salzburg ndi Innsbruck, ili pa njanji imodzi yochokera kum'mawa kupita kumadzulo. Galimoto yobwereka siyofunika. Sitima ya Railjet imatenga maola awiri ndi theka kuchoka ku Vienna kufika ku Salzburg, ndi ena osakwana awiri kufika ku Innsbruck. Matikiti ogula kudakali milungu ingapo amatsika mtengo kwambiri. Ndipo m'nyengo yotentha nthawi ya ku Austria imafanana ndendende ndi ya ku Lilongwe ndi Lusaka. Kwa mlungu umodzi, kuimbira agogo sikufuna kuwerengera maola asanu ndi limodzi.

Vienna

Apa mpofunika masiku atatu, osachepera. Pakati pa mzinda pali tchalitchi cha Stephansdom, chokhala ndi nsanja ya mamita 136. Kukafika pa chipinda choonera mzinda pali masitepe 343, opanda chikepe, ndiye ana atsogole, ife tibwera m'mbuyo. Nyumba yachifumu ya Schönbrunn ili ndi zipinda 1,441, koma ana ambiri amatopa nazo zipinda zagolide zikangokwana khumi. Chimene chimawagwira mtima chili kuseri kwake: malo osungirako nyama amene anakhazikitsidwa mu 1752, akale kwambiri padziko lonse mwa amene akugwirabe ntchito. Mfumukazi Maria Theresa, amene ankakhala m'nyumbayi, ndi amene analamula mu 1774 kuti ana onse azipita kusukulu. Ndalama yasiliva yokhala ndi nkhope yake inayenda kwambiri pa malonda ku Ethiopia ndi m'mbali mwa nyanja kum'mawa kwa Africa, mwini wake atamwalira kalekale.

Thumba limapumako pa zinthu zingapo. M'nyumba zaboma zosungiramo zinthu zakale, monga Naturhistorisches Museum, aliyense wosakwana zaka 19 amalowa ulere. Madzi apampopi ndi ochokera ku akasupe a m'mapiri, kudzera m'ngalande imene inatsegulidwa mu 1873, ndiye kugula madzi a m'botolo n'kutaya ndalama. Sitima zapansi panthaka zilibe zipata ngati za TTC. Munthu amangolowa, ndipo apa mpamene mlendo amanyengeka n'kuganiza kuti n'zaulere. Oyendera matikiti amavala ngati wina aliyense, ndipo chindapusa chake chimaposa ma euro 100.

Ife amene lendi ya ku Toronto imatidya mwezi ndi mwezi tikwereko sitima mpaka ku Heiligenstadt, tikaone Karl-Marx-Hof. Ndi mdadada wa nyumba zogonamo wotalika kupitirira kilomita imodzi, umene khonsolo ya mzinda inamanga n'kutsegula mu 1930 kuti antchito wamba apeze pokhala pabwino. Mpaka lero khonsoloyo ili ndi nyumba zoposa 200,000 zimene imachititsa lendi. Simalo okongola kwenikweni pa chithunzi, koma ife tikuti makolo adzawakumbukira kuposa Schönbrunn.

Pali nkhani ina ya mumzindawu imene ana okulirapo ayenera kuimva kwa ife, asanaipeze okha. Angelo Soliman anabadwira ku Africa cha m'ma 1721, anagwidwa ukapolo ali mwana, ndipo anadzakhala munthu wophunzira ndi wolemekezeka ku Vienna. Ankalankhula zinenero zingapo, anaphunzitsa mwana wa banja lachifumu la Liechtenstein, anakwatira, nabereka mwana wamkazi, Josephine. Atamwalira mu 1796, akuluakulu a mfumu anasenda khungu lake, kuliumba ngati chidole, kuliveka nthenga ndi mikanda, n'kuliika poonetsera pamodzi ndi nyama zakutchire. Josephine anadandaula kangapo kuti amupatse thupi la bambo ake akaliike m'manda, koma sanamumvere. Linapsa ndi moto pa zipolowe za mu 1848. Lero kuli kanjira kotchedwa Angelo-Soliman-Weg. Kwa ife amene maliro timawalemekeza chonchi, nkhaniyi ndi yowawa, koma ndi mbali ya mzinda womwewo wa nyimbo ndi makeke. Momwemonso, pafupi ndi Linz, m'njira yopita ku Salzburg, pali Mauthausen, ndende imene chipani cha Nazi chinamanga Germany itatenga Austria mu 1938. Anthu pafupifupi 90,000 anafera kumeneko ndi m'ndende zake zing'onozing'ono. Ndi malo oyenera achinyamata a ku sekondale, osati ana aang'ono.

Salzburg ndi mchere wake

Alendo ambiri amapita ku Salzburg chifukwa cha Mozart, amene anabadwira m'nyumba ya nambala 9 mumsewu wa Getreidegasse pa 27 Januwale 1756, kapena chifukwa cha filimu ya The Sound of Music ya mu 1965. Zonsezo zilipo, ndipo m'nyengo yotentha khamu lake ndi ngati la mu Limbe pa Khirisimasi. Koma dzina la mzindawu limatanthauza linga la mchere, ndipo mchere ndi umene unamanga zonse zimene maso akuona. Mabishopu amene ankalamulira dera lino ngati mafumu ankakumba mchere m'phiri la Dürrnberg, pafupi ndi Hallein, n'kuutumiza pa mabwato mumtsinje wa Salzach. Linga la Hohensalzburg pamwamba pa mzinda, limene anayamba kumanga mu 1077, linakula ndi chuma chimenecho.

Njira yake ndi yoti agogo athu akanaizindikira. A m'mbali mwa nyanja ya Chilwa ndi a kuchigwa cha Shire ankatapa dothi lamchere, kulithira madzi, kusefa, n'kuwiritsa madziwo mpaka mchere utsale mumphika, ndipo ankasinthanitsa ndi chakudya, makasu ndi nsalu. A ku Hallein ankalowetsa madzi m'mapanga a m'phiri kuti asungunule mchere, kenako madziwo ankatsikira m'mipope yamitengo kupita ku ziwaya zikuluzikulu za m'tauni. Kusiyana kwake n'kukula chabe. Mgodiwo tsopano ndi wa alendo: amakuvekani ovolosi yoyera, mumakwera kasitima kolowa m'phiri, mumatsetsereka pa matabwa aatali amene anthu a mumgodi ankatsikirapo, n'kuwoloka kanyanja kapansi panthaka pa bwato. Njirayo imadutsa malire kulowa m'dziko la Germany muli pansi pomwepo. Ana osakwana zaka 4 saloledwa, ndipo mkatimo mumazizira ngakhale mu Ogasiti, ndiye juzi isatsale.

Mudzi wa Hallstatt, umene zithunzi zake zadzaza pa Instagram, ulinso ndi mgodi wamchere wa zaka masauzande ambiri. Koma eni mudzi sakwana 800, ndipo akhala akudandaula poyera kuti alendo achuluka. Banja la ana aang'ono likhoza kuulambalala osataya kanthu.

Pa chakudya, schnitzel imakhala ya ng'ombe yaing'ono kapena ya nkhumba, ndipo yotsika mtengo kawirikawiri ndi ya nkhumba. Amene sadya nkhumba ayang'ane mawu akuti Schwein, kapena apemphe ya nkhuku. Wopukwa nsima agule ufa wachimanga wolembedwa Polenta m'sitolo iliyonse. Ndi wachikasu ndiponso wamiseremisere, koma pa mbaula ya m'nyumba yobwereka umapirira mthiko. Kum'mwera kwa dzikoli alimi amaphika chakudya chawo chachimanga chotchedwa Sterz. Zogula za Lamlungu zigulidwe Loweruka, chifukwa masitolo amatseka, kupatula ochepa a pa masiteshoni akuluakulu. Polowa m'sitolo kapena mu lesitilanti timapereka moni, Grüß Gott, monga kwathu. Kungolowa duu ngati mu Walmart amakuona ngati wosaleredwa.

Innsbruck ndi Imst

Innsbruck ndi tauni yaing'ono yokhala m'chigwa, mapiri atayimirira kumapeto kwa msewu uliwonse. Khonde lotchuka la Goldenes Dachl, lofoleredwa ndi timalata 2,657 tamkuwa topakidwa golide, linamalizidwa mu 1500 m'nthawi ya mfumu Maximilian I, ndipo mphindi khumi zikukwanirani kuliona. Tsiku lonse lipite kuphiri. Kuchokera pakati pa tauni, kasitima kokwera phiri ndi ngolo zoyenda pa chingwe zimakufikitsani ku Hafelekar, pamwamba pa mamita 2,200, pasanathe ola. Pansi pakhoza kukhala potentha, pamwamba mphepo ikuluma ngati ya mu Novembala ku Toronto. Nsapato zikhale zogwira pansi, ndipo mitambo ikayamba kuda masana, tsikani. Mvula yamabingu ya m'mapiri amenewa imabwera mwadzidzidzi ngati ya pa Mulanje.

Sitima yopitirira chakumadzulo imafika ku Imst pasanathe ola. Kumeneko, mu 1949, Hermann Gmeiner ndi anzake anayamba kumanga mudzi woyamba wa SOS, wolerera ana amene nkhondo yachiwiri inawasiya amasiye. Maganizo ake anali oti mwana wamasiye asakulire m'chinyumba chachikulu cha ana mazanamazana, koma m'nyumba wamba, ndi mayi mmodzi womulera, osalekanitsidwa ndi abale ake. Midzi ya SOS imene timaidziwa ku Lilongwe, Mzuzu ndi Blantyre inaphukira pamenepa. Mudzi wa ku Imst ukadali kwawo kwa ana, simalo ojambulirapo zithunzi, ndiye timangoyenda m'tauni, n'kukwera kanjira ka m'chigwembe cha Rosengartenschlucht kamene kamayambira pafupi ndi tchalitchi.

Kubwerera ku Vienna kuchokera ku Innsbruck ndi maola anayi ndi mphindi zingapo. Usiku womaliza mugone ku Vienna komweko, osadalira sitima ya m'mawa wa tsiku la ndege.