Za Akafula, Eni Dziko Oyamba

Pamene ndinali mwana, ambuye anga anali kutiopsa ife tikafuna kukwera mapiri a kuno ku Chipata kukatola masuku. Iwo anali kuti, "Mukakomana ndi Kafula kumeneko mudzamyankha bwanji?" Pa zaka zanga za ukalaliki pa boma ndafunsa akulu-akulu ambiri za anthu amenewa, ndipo ndifuna kufotokoza zimene ndapeza.

Makolo amati Akafula, amene ena awacha Abathwa, anali aafupi msinkhu, okhala m'mapanga, osadziwa khasu. Cakudya cao cinali nyama, uci ndi zipatso. Kafula akakomana ndi munthu anali kufunsa kuti, "Mwandionera pati?" Munthu akayankha kuti, "Pompano," ndiye kuti wamnyoza kuti ngwamfupi, ndipo anali kulasidwa ndi mubvi wa ulembe. Koma wocenjera anali kuti, "Ndakuonerani kutali, patsidya pa dambo lija," ndipo Kafula anali kukondwa namleka apite. Ndico cifukwa cace achedwanso Amwandionerapati. M'nthano zina iwo asanduka ngati mizimu. Ku Mulanje, m'dziko la Malawi, anthu amasimba kuti munthu angapeze cakudya cophika-phika m'phiri, ndipo ayenera kudya yekha osaitana mnzace.

Azungu naonso ali ndi nthano zotere, za tianthu tobisika tochedwa elves ndi fairies. Alimi akale a ku Scotland, akatola nsonga za mibvi zamwala m'minda, anali kuti ndiyo mibvi imene tianthuto timalasira ng'ombe. M'caka ca 1890 David MacRitchie analemba kuti nthanozo zikumbutsa mtundu wa anthu aafupi amene anakhala ku Ulaya kale, koma akatswiri a lero sabvomereza ganizo lace. Pambuyo pace olemba mabuku anawasintha ma-elves monga anafunira. J. R. R. Tolkien, m'buku lace The Lord of the Rings la mu 1954 ndi 1955, anawapanga kukhala atali, okongola ndi osafa ndi ukalamba.

Tsono kusiyana kwace ndi uku: Akafula athu anasiya mboni zogwirika. D. W. Phillipson anakumba m'mapanga a Thandwe pafupi ndi Chipata, Makwe ca ku Katete ndi Kalemba ca ku Chadiza, nafalitsa zimene anapeza mu 1976. Anapezamo timiyala tosongoka topangira mibvi ndi mipeni, ndipo zinaoneka kuti eni timiyalato anakhalabe m'mapangamo zaka mazana ambiri atafika kale alimi odziwa citsulo. Mitundu iwiriyi inali kuonana ndithu, ndipo funso lija la Kafula ndiliyesa cikumbutso ca mantha amene anali pakati pao.

Mboni yina ndiyo zojambula za pa matanthwe. Zofiira, za mizere ndi zozungulira, ndizo zakale, ndipo akatswiri amati nza anthu osaka nyamawo. Zoyera zambiri nza Acewa, za cinamwali ndi za nyau. Ku Chongoni, pafupi ndi Dedza, mitundu yonse iwiri ipezeka, ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO linaika malowo m'kaundula wa cuma ca dziko lonse lapansi.

Ine ndiganiza kuti nthano inawacepsa Akafula kuposa msinkhu wao weni-weni, pakuti wolanda malo sakonda kukumbukira kuti mwini wace anali munthu monga iye. Cimene cindimvetsa cisoni ndi ici, kuti m'phanga lina ndinaona maina a anyamata olembedwa ndi makala pamwamba pa zofiira zija. Inu okhala m'tauni, mukapita ndi ana kumapiri, auzeni nthano ya Mwandionerapati, koma muwaonetsenso tanthwe, ndi kuwaletsa kulembapo. Zojambulazo zikafafanizika palibe Kafula wotsala woti adzazijambulenso.